Kamzere Kamene Sikanayake

1. Balani yakuda

Kuseri kwa nyumba ya a Gladness, m'mudzi wina wa kwa Wimbe, kuli balani ya fodya imene anthu saigwetsa komanso saikonza. Denga lake linapsa zaka ziwiri zapitazo. Makoma ndiwo anatsala chiimire, akuda bii, ndipo m'kati mwake mumamera bonongwe wonenepa amene palibe mayi amamuthyola, ngakhale ndiwo zitavuta chotani. Ana amailambalala. Ena amalumbira kuti dzuwa likafika paliwombo, pamalopo pamanunkhabe fodya wopserera.

Lefina, mwana yekhayo wa a Gladness, ankadutsa pamenepo tsiku lililonse popita kusekondale, kumene anali Fomu 3. Iye fungolo sankalimva. Chimene ankamva ndi mawu a bambo ake.

Bambo akewo, a Mphepo, anali mkamwini wochokera kwa Kaomba. Anali munthu wofatsa, wa mawu ochepa, koma pa ntchito yosonkhezera moto woumitsa fodya panalibe wowaposa. N'chifukwa chake chaka chimenecho mabanja atatu a mbumba imodzi anaika fodya wawo m'balani imodzi, n'kuwasiyira iwo ng'anjo.

Pakhoma la balaniyo, kunja, panali kachipangizo koonetsa kutentha kwa m'kati ndi manambala awiri ofiira. Anakapanga ndi a Samsoni, mlongo wawo wa a Gladness, amene amakonza mawailesi ndi zipangizo za sola pamsika.

"Alamu," anatero a Samsoni tsiku limene anakakhomera, "zomatsegulatsegula chitseko kuti muone kutentha zatha. Kutentha kumathawira pomwepo. Muziyang'ana nambala basi."

Tsiku la ngoziyo, masana, a Mphepo anasonkhezera moto n'kupita ndi ngolo kukatenga nkhuni zina. Atabwerako anapitiriza ntchito yawo. Pasanapite nthawi, utsi wakuda unatulukira kudenga. Iwo analowa m'balanimo kawiri kukatulutsa mikangala ya fodya wa anthu. Ulendo wachitatu anachita kuwakoka miyendo.

Anagona masiku anayi m'chipatala ku Boma, ndipo masiku onsewo ankabwereza chinthu chimodzi.

"Inali pa 69, kenaka inagwera pa 50. Ndinaona ndi maso angawa. Ndiye ndinati moto wafooka, fodya wa anthu awonongeka, n'kudzaza nkhuni m'ng'anjo. 69, kenaka 50."

Anthu ankangoyang'anana. Balani yotseka ingazizire bwanji chotero m'kanthawi kophethira? Ndiye panapezeka wina amene anaona ngolo ya a Mphepo itaima pafupi ndi nyumba yotcheza kachasu. Zoti njira ya kunkhuni imadutsa pomwepo, palibe anazikumbukira. Zoti mwina munthuyo ankamanga chingwe cha goli, palibe anazifunsa. Inu mukudziwa m'mene timachitira ndi akamwini. Zikamayenda timati ndi wathu, zikavuta timakumbukira kuti ndi wobwera. Pofika tsiku la maliro, nkhani inali itafala kale yoti a Mphepo anatentha fodya wa mabanja atatu ataledzera.

A Fainess, mlongo wawo wa malemuwo, anamva manong'onong'owo ali kumanda komweko. Anabwerera kwa Kaomba osalawa kanthu, ndipo sanapondenso m'mudzimo. Koma tsopano chiliza chinali chitamangidwa, ndipo Loweruka la sabata imeneyo abale a kwa Kaomba ankabwera kudzachivundukula.

2. Chipewa ndi nsapato

Lachinayi, ataweruka kusukulu, Lefina analunjika kushopu ya amalume ake monga mwa masiku onse. Chimwalirireni bambo ake, a Samsoni ndiwo ankamuyang'anira. Anamuphunzitsa kugwira chitsulo chowotcherera mawaya, kuyeza batire, ndi kumva ndi mphuno kuti wailesi yapserera pati. Anthu ankati mtsikanayo ali ndi mwayi. Amalume ena amangodziwa kubwera pa zinkhoswe.

Kusukulu kunali mpikisano wa kalabu ya sayansi, ndipo Lefina ankapanga chipangizo choonetsa kutentha m'khola la anapiye. Mbali yovuta inali manambala.

Mukayang'anitsitsa wotchi ya manambala kapena sikelo ya m'golosale, muona kuti nambala iliyonse imapangidwa ndi timizere tisanu ndi tiwiri toyaka. Titatu n'topingasa: kapamwamba, kapakati ndi kapansi. Tinayi n'toimirira, tiwiri kumanja, tiwiri kumanzere. Tonse tikayaka ndiye eyiti. Tikayaka tiwiri takumanja tokha ndiye wani. Ntchito ya wopanga ndi kusankha timizere timene tiziyaka pa nambala iliyonse.

Lefina anapanga timizere take ndi tinyale tofiira, n'kutitsekera m'timipanda ta katoni, pamwamba n'kuphimba ndi pulasitiki yodula pachigubu cha mafuta ophikira. Anaikanso batani loyesera, loti ukalitinikiza nambala imakwera ndi imodzi, kuyambira 00 mpaka 99. Sikisi wake anamuyatsira kamzere kapamwamba, ndipo ankati ndi chipewa. Naini anamuyatsira kapansi, n'kumati ndi nsapato. Kunena zoona, manambalawo ankaoneka a bwana.

A Samsoni anatenga kope limene Lefina anajambulamo manambalawo, n'kukankhira magalasi awo pamphuno. Anayang'ana nthawi yaitali. Nkhope yawo inasintha.

"Lefina, khala pansi, ndipo umvetsere, chifukwa sindikufuna kubwereza. Munthu akamanama, nkhope yake imamuulula. Chipangizo chikamanama sichiphethira n'komwe, ndipo anthu amachikhulupirira kuposa m'bale wawo. Ndiye iwe wopanga usamadzifunse kuti nambala yanga yakongola bwanji. Uzidzifunsa kuti, kamzere kamodzi kakafa, nambala imeneyi isanduka chiyani? Ikasanduka chinthu chopunduka, chosawerengeka, zili bwino, chifukwa woyang'anayo adziwa kuti china chavuta. Koma ikasanduka nambala ina yooneka bwinobwino, wapha munthu. Sikisi wakoyu umuvule chipewa. Nainiyu umuvule nsapato. Anyanse, palibe kanthu, sakupita kuukwati. Chinanso, chipangizo chikangoyatsidwa, timizere tonse tiziyamba tayaka kaye, paoneke 88, kuti mwini wake aone ngati pali kakufa. Ndipo uikenso batani lina, loti munthu aliyense, nthawi iliyonse, akakayika alitinikize tonse tiyake. Wandimva?"

"Koma amalume," anaseka Lefina, "ndi za anapiye chabe izi."

"Palibe za chabe pano!"

Anamenya tebulo mpaka timisomali tinadumpha m'chitini. Lefina anadzidzimuka. Amalume akewa anali mkulu wa mpingo, munthu woti ngakhale mbuzi imudyere chimanga amaithamangitsa mwaulemu. Tsopano maso awo sanali pa iye. Anali pashelefu yapamwamba, pamene pankakhala chitini chakale cha penti chimene anamuletsa kuchikhudza.

Kenaka anatsokomola, n'kutenga chikwama chawo cha zida.

"Ndikukaona sola ya kutchalitchi. Pobwera ndipeze wasintha."

3. Nambala yotsatira 89

Lefina sanasinthe nthawi yomweyo. Mtima unkamuwawa ndi kukalipiridwa kuja, komanso ankafuna kuwaona komaliza manambala ake okongolawo asanawavule. Anatembenuza bolodi ya mawaya a chipangizocho kuti aone kumene adzadule, n'kuibwezera. Sanadziwe kuti potembenuzapo kawaya kamodzi kanasomphoka. Kanali ka kamzere kakumanja chakumwamba, pa nambala yoyamba ija yowerenga makumi.

Analumikiza batire, nayamba kutinikiza batani msangamsanga, akuwerenga chamumtima. Anayambira pa 50, pamene chipangizocho chinalekezera poyesa komaliza. Zonse zinali bwino. Anadutsa 60 mpaka 69, bwinobwino, pakuti faifi ndi sikisi sagwiritsa ntchito kamzere kameneko.

Pa 70 seveni anatuluka wopunduka, ngati wathyoka msana.

"Aa, waya wasomphoka," anatero yekha. Koma chala chinali chitazolowera, chinapitirizabe kutinikiza.

Pa 80 chipangizocho chinaonetsa 60. Eyiti wopanda kamzere kamodzi kaja anali sikisi weniweni, wa chipewa chake. Lefina anaseka. Ndiye izi ndi zimene amalume amanena! Anatinikizabe, tsopano akuwerenga mokweza, pakamwa pakunena zina, maso akuona zina. Atanena 87 panali 67. Atanena 88 panali 68. Atanena 89 panali 69.

Anatinikizanso kamodzi.

50.

Kuseka kunatha. Kunja ana ankaitanira makasitomala a mandasi, njinga zamoto zinkadutsa, koma Lefina sankamvanso zimenezo. Ankamva mawu osasa a pabedi la m'chipatala, akuchokera m'nsalu zoyera zokulunga nkhope. Inali pa 69, kenaka inagwera pa 50. Ndinaona ndi maso angawa.

Naini wa nsapato akataya kamzere komweko amasanduka faifi, ndipo manambala a kachipangizo ka pabalani kaja analinso a chipewa ndi nsapato. Balani ija sinazizire ayi. Inachoka pa 89 n'kufika pa 90, ndipo bambo ake, pomvera zimene anauzidwa, anawonjezera nkhuni. Seveni wopunduka uja, yekhayo amene akanawachenjeza, anadutsa iwo ali kunkhuni ndi ngolo.

Lefina anakoka mpando, n'kukwerapo, n'kutsitsa chitini cha penti chija.

M'kati munali kanthu kokulungidwa ndi nsanza. Anakazindikira asanamalize kumasula. Pulasitiki yake inali yopindika mbali imodzi ndi moto, koma manambala anali amphumphu. Anatenga mawaya awiri a batire n'kuyamba kukhudza timizere kamodzikamodzi, monga momwe amalume ake omwewo anamuphunzitsira. Kalikonse kankayaka kofiira, ngati kuti zaka ziwiri sizinadutse. Atafika pa kakumanja chakumwamba, pa nambala yoyamba, sipanaoneke kanthu.

Anakatembenuza. Kawaya kake kanali lende. Pansonga pake panalibe mwaye kapena chizindikiro cha moto. Mtovu wowotcherera unali utangokhala pamwamba ngati kamkanda, sunagwire bwino chiyambire.

"Ndinakuuza kuti usachikhudze."

A Samsoni anali ataima pakhomo, chikwama chili m'manja.

4. Zimene amalume ananena

Lefina anafuna kugwada monga mwana wogwidwa akulakwa, koma maondo anakana.

"Amalume, munadziwa liti?"

A Samsoni anatseka chitseko theka, n'kukhala pabenchi ya makasitomala. Anaoneka okalamba mwadzidzidzi.

"Patapita masiku atatu chiikireni maliro. Ndinakachotsa pakhoma paja kuti ndidzatengemo zotsala zabwino. Nditakayatsa ndinaona zimene waonazo."

"Ndiye munangokhala chete?"

"Ndinakhala chete."

"Anthu akuti bambo anga anali chidakwa. Kusukulu anzanga amanditcha mwana wa Chiotcha. Inu mukumva, tsiku ndi tsiku."

"Ndimamva. Tamvera tsono, mwana wa mlongo wanga, ndikuuze zimene iwe sungazione chifukwa ukadali wamng'ono. Usaganize kuti ine ndimagona tulo. Ndikatseka maso ndimaona manambala ofiira aja. Kutchalitchi akandipatsa kuti ndiwerenge nambala ya nyimbo, lilime limauma. Koma taganiza. Tsiku lija ndikanaimirira n'kunena kuti ndine, chikanachitika n'chiyani? Mabanja atatu aja anali atataya thukuta la chaka chonse. Anakhululuka chifukwa wolakwayo anali atagona kale m'manda, panalibe womukoka malaya. Akanadziwa kuti wolakwa ali moyo, ndipo ndi mwini mbumba wawo amene, bwenzi lero tilibe mudzi. Ana a mayi mmodzi bwenzi sakupatsana moni. A kwa Kaomba bwenzi atabwera ndi mkwiyo wonse kudzati mwatiphera munthu. Nanga amayi ako? Ukuganiza kuti angapirire kumva kuti amene anawasandutsa namfedwa ndi mlongo wawo wobadwa naye bere limodzi? Bala lawo layamba kupola, iwe ukufuna kukalitokosa. Bambo ako anapita, Lefina. Zonena za anthu sizikuwapwetekanso kumene aliko. Ife otsalafe ndi amene tingapwetekane. Loweruka tivundukule chiliza mwamtendere, alendo adye, abwerere kwawo. Ine ndidzakuphunzitsa zonse zimene ndikudziwa, udzafika kutali, udzapanga zipangizo zosanama. Imeneyo ndiye njira yolemekezera bambo ako. Kabwezere m'chitinimo."

Mawuwo anali okoma, ndipo ena mwa iwo anali oona. N'chifukwa chake anali oopsa. Lefina anayang'ana manja a amalume ake, a zipsera za chitsulo chowotcherera, manja amene anamugwira dzanja tsiku loyamba kuti asapse. Ankawakonda amalume akewa. Ngakhale pa nthawi imeneyo ankawakondabe, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa mkwiyo.

"Amalume," anatero pomaliza, "mwandiuza lero lomwe kuti kamzere kakafa, woyang'ana ayenera kudziwa. Amayi akhala akuyang'ana nambala yabodza zaka ziwiri."

A Samsoni anaweramitsa mutu.

Lefina anakulunganso kachipangizo kakaleko, n'kukaika m'chikwama cha mabuku. Anaikamonso chipangizo chake chija ndi batire, osalumikiza waya wosomphokayo. Kuti atuluke ankayenera kudutsa pafupi ndi maondo a amalume ake. Akanafuna, akanangotambasula dzanja.

Sanatambasule. Anangonena ali choweramira pansi.

"Ukatuluka nakotu pakhomopo, sudzabwereranso muno monga unkabwerera kale. Ngakhale ine nditafuna."

"Ndikudziwa, amalume."

Anatuluka.

5. Amayi awerenga okha

Kuchokera pamsika kukafika kwawo ndi ulendo wa ola limodzi, kudutsa m'minda ya fodya imene nthawi imeneyo inali mapesi okhaokha ndi fumbi. Chikwama chinkalemera ngati muli njerwa.

Atafika pa balani yakuda ija anaima. Kwa nthawi yoyamba chichitikireni ngozi, anapatuka n'kusuzumira pakhomo pake. Munali zii. Mapaipi a dzimbiri anali gone pansi, ndipo pakona panali mulu wa njerwa zogumuka. Kuponya kanthu kuseri kwa muluwo sikukanatenga nthawi, ndipo palibe akanakapeza, pakuti palibe amalowamo. Mawa akanapita kushopu, n'kuvula sikisi chipewa, moyo n'kumapitirira.

Pakhoma, pambali pa chitseko, panali misomali iwiri pamene pankakhala kachipangizo kaja. Inali pa msinkhu wa maso a bambo ake. Lefina anaiyang'ana, n'kukonza chikwama paphewa, n'kupitiriza ulendo.

Anapeza amayi ake pakhonde akupeta chimera cha thobwa la Loweruka. Dzuwa linali litapendeka, nkhuku zikutolatola pafupi ndi lichero.

"Wachedwatu. Siya chikwamacho ukatunge madzi, mawa kuli ntchito."

"Amayi, ndikufuna muone kaye chinthu."

"Zoseweretsa za amalume akozo? Ine ndilibe nthawi."

"Pang'ono pokha, amayi. Chonde."

Mwina anamva china m'mawu a mwanayo, chifukwa anaika lichero pansi n'kupukuta manja pachitenje. Lefina anagwada pambali pawo, n'kulumikiza batire, n'kutinikiza mpaka chipangizocho chinaonetsa 69.

"Iyi ndi 69 yeniyeni. Tsono tinikizani apa, muziwerenga nokha mokweza. Musasamale zimene zikuoneka."

A Gladness anatinikiza ndi chala cha ufa, akuwerenga monyinyirika. Pa 70 anati nambalayo yathyoka. Lefina anati apitirize. Pa 80 anakwinya nkhope.

"Iii, chabwerera m'mbuyo ichi. Chikunamatu."

"Kamzere kamodzi kafa, amayi. Pitirizani."

Anapitiriza, koma mawu anayamba kutsika. Atafika pa 89, chipangizo chikuonetsa 69, chala chawo chinaima m'malere. Anayang'ana mwana wawo, n'kuyang'ananso manambala ofiirawo. Kenaka anatinikiza.

Panaoneka 50. Nkhuku inakwera m'lichero n'kuyamba kudya chimera, iwo osaiingitsa.

Lefina anamasula nsanza ija n'kuika kachipangizo kopserera kaja pamiyendo pawo. Anawaonetsa timizere toyaka, kamzere kosayaka, ndi kawaya ka lende. Anawauza kumene anakapeza. Anawauzanso zimene amalume ake anavomera, osawonjezera, osachotsera.

A Gladness sanalire mokuwa monga analirira pamaliro. Anangokagwira kachipangizoko ndi manja awiri, ngati mmene amagwirira mwanapiye wodwala.

"Tsiku lachinayi lija," anayamba, mawu ali apansipansi, "iwe unali utatuluka kukatsuka mbale. Anandigwira dzanja. Manja aja anali mabala okhaokha, koma anandigwira. Anati, 'Amake Lefina, ena onse akane, koma iwe wekha undikhulupirire.' Ine ndinali nditatopa. Ndinali ndi manyazi ndi abale anga, m'makutu muli zonena za anthu. Ndinati, 'Bambo, lekani kunama, mungolapa.' N'kuchotsa dzanja langa."

Anapuma movutikira.

"Sanayankhulenso. Amenewo ndiwo mawu anga omaliza kwa bambo ako."

Apa m'pamene Lefina analira, ndipo ankalirira onse awiri, wamoyo ndi wakufa. Zimene amalume ananena zinali zoona, bala linali litatseguka. Koma anaonanso kuti silinapole n'kale lonse, linangophimbidwa.

A Gladness anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, n'kuyang'ana cha kumene kuli balani.

"Loweruka alamu anga a Fainess akakhala pamkeka apo, ndidzawayang'ana bwanji?"

"Tidzawauza, amayi."

"Tidzawauza. Koma woyamba kuyankhula sadzakhala iwe, ndipo sadzakhala ine."

Ali chilankhulire, kunjira kunamveka belu la njinga, lija lolira mosasa limene mudzi wonse umalidziwa. Njingayo inafika pang'onopang'ono, mwini wake akuikankha m'malo moikwera. A Samsoni anaiyedzamitsa pamtengo wa mango, n'kuvula chipewa, n'kuima m'mphepete mwa bwalo ngati mlendo, pakhomo pamene ankalowa osagogoda chibadwire.

"Odi," anatero.

A Gladness sanayankhe kuti afike. Ananyamula kachipangizo kopserera kaja, n'kuimirira, n'kutsika pakhonde kulunjika kwa mlongo wawo.